Chaka Chimene Tinabzala Sola

Katoni imene munabwera magetsi athu a Khirisimasi ndikadali nayo. Ili pamwamba pa wadiropu, ndipo mkati mwake muli kapepala ka malangizo, kapulasitiki kamene anakulungira waya, ndi tikiti ya basi imene inanyamula katunduyo kuchokera ku Lilongwe. Ana anga amati tsiku limene ndidzatsikire kuli chete padzafunika lole yonyamula mapepala okhaokha. Anene zimenezo. Ndinagwira ntchito ya ukalaliki kufikira kupuma, ndipo ndinaona amuna aakuluakulu akutuluka thukuta chifukwa cha kapepala kamodzi kamene mkazi anakolezera mbaula. Ine sinditaya pepala. Koma pa nkhani ndikulembayi mapepala sanandithandize, ndangowatchula kuti mudziwe kuti sindikupeka.

Ine ndi mayi a kunyumba kwathu tinachokera ku Zomba. Tinafika ku Mzuzu mwana woyamba ali kumsana, tikuti tikhala pang'ono n'kubwerera kwathu. Imvi zatipeza ku Zolozolo konkuno. Chimene chinatizunguza mutu poyamba si Chitumbuka ayi, chimenecho munthu amatola pamsika. Linali thambo. Kwathu mvula imachenjeza. Kumayamba kutentha, mitambo imaunjikana kuphiri, mphepo imabwera ndi fungo la dothi, ndipo munthu amamaliza chimene akuchita asanathawe. Ya kuno ilibe ulemu umenewo. Dzuwa likuwala bwinobwino, ukawerama kuti umange nsapato, podzuka kwada kale ndipo ikuwaza. Ukalowa m'nyumba yaleka. Ukatuluka yayambanso.

Chifukwa cha thambo lotereli, mumzere wa nyumba zathu muli lamulo limene silinalembedwe paliponse, koma ngakhale ine wokonda zolembedwa ndimaligonjera. Chilichonse choyanikidwa panja ndi cha aliyense. Woyamba kuona mtambo amakuwa kuti, “Vula! Vula!” ndipo amayi amatuluka m'makomo monse, wina chikombe kumanja, wina sopo m'mikono. Amayamba kuanula za mnzawo amene wachoka, zawo pambuyo. Ufa, makaka, usipa, matewera, yunifolomu za ana a sukulu, zonse. Mwini akabwera amazipeza pakhonde pake zitafunditsidwa thumba. Safunsa kuti waanula ndani, amangothokoza kuti “yewo chomene” mokweza kuti nyumba zonse zimve. Ndipo munthu amene ufa wake wanyowa anzake ali pomwepo, adzifunse chimene analankhula dzulo lake.

Mwa oanula onse palibe wofanana ndi mayi a nyumba yoyandikana ndi yathu. Timangowatchula kuti aneba. Ndi amasiye, ochokera ku Nkhata Bay, aatali, ndipo akakuwa mawu awo ndikhulupirira amafika ku Mchengautuwa. Ana awo onse anawaphunzitsa ndi geni ya nsomba zouma, wina ndi mphunzitsi, wina namwino, ndipo sipatha tsiku osatikumbutsa. Chifikireni pafupi ndi iwo ufa wathu sunanyowepo. Izi ndikuzilemba poyera chifukwa zimene zikubwerazi zingaoneke ngati ndikuwadandaula. Ndikuwadandauladi, koma ufa sunanyowepo.

Mayi a kwathu amakonda Khirisimasi kuposa munthu aliyense amene ndinamuona. Chaka ndi chaka ankadula mapepala amitundumitundu n'kupachika kudenga, ankabweretsa nthambi ya paini n'kuiimika m'chidebe cha mchenga, kenako ankatulutsa chingwe cha timababu chimene tinagula ana ali aang'ono. Chingwe chimenecho chinali ndi khalidwe loipa. Babu limodzi likafa, onse ankafa nalo, ndipo ine ndinkakhala pansi kuyesa limodzilimodzi mpaka kulipeza lolakwalo. Ndikalipeza, magetsi a m'tauni n'kuzima. Zaka zingapo tinadya mpunga wa Khirisimasi pa kandulo, chingwe chili lende pakhoma ngati mkanda wa munthu wina.

Kenako maso awo anayamba kuchita chifunga. Anasiya kulowetsa ulusi pasingano, anasiya kuwerenga buku la nyimbo, ndipo anthu ankawazindikira ndi mawu kapena ndi mayendedwe. Kuchipatala anati ndi ng'ala, anatilemba dzina, n'kutiuza kuti tidikire adzatiitana. Tinadikira. Chimene ankaonabe bwino ndi kuwala, makamaka kukakhala ndi mtundu. Tsiku lina, kuchiyambi kwa Disembala, akusankha nyemba ndi zala zokha, analankhula osandiyang'ana.

“Bambo, Khirisimasi ya chaka chino ndikufuna ndione magetsi akuyaka. Ya chaka chamawa sindikudziwa ngati ndidzasiyanitsa chofiira ndi chobiriwira.”

Si munthu wopempha zinthu. Pa ukwati wathu wonse zimene anandipempha mwachindunji ndi zochepa kwambiri. Ndinanyamuka n'kukaimbira foni mwana wathu wamkazi amene amagwira ntchito ku Lilongwe, ndipo mlungu usanathe ndinakalandira katoni ija kudepoti.

Munali zinthu zitatu. Sola yaing'ono ngati thireyi ya tiyi, kabokosi ka batire, ndi chingwe chachitali cha timababu ta LED, tating'ono ngati njere za chimanga, tofiira, tobiriwira, tachikasu ndi tabuluu. Mwanayo anandifotokozera pafoni pang'onopang'ono ngati akulankhula ndi munthu amene sanaonepo swichi.

“Ababa, sola ikhale panja tsiku lonse. Batire ikhale m'nyumba, waya mudutsitse pawindo. Timababu timeneto sitidya moto wambiri, batire ikangodzaza tiyaka mpaka mutatopa nato. Limodzi likafa enawo amayakabe.”

“Nanga dzuwa la kuno ulidziwa iwe?”

“Ngakhale kuli mitambo imakoka pang'ono. Chachikulu isachoke panja. Pabatirepo pali kagetsi, kakafiira ndiye kuti ili ndi njala, kakabiriwira yakhuta.”

M'mawa mwake ndinatulutsa mpando wakale, ndinauika pabwalo, sola pamwamba pake itapendekera kumwamba. Aneba anali akusesa kwawo.

“Monire adada! N'chiyani chimenecho, galasi lodziyang'anira mbalame?”

“Ndi sola, aneba. Ndayanika kuti imwe dzuwa. Madzulo mudzaone magetsi.”

Ndinavala jekete n'kupita kutauni. Pobwera ndinapeza mpando uli wokha pabwalo. Sola inali pakhonde, nkhope yayang'ana kukhoma, itafunditsidwa thumba la feteleza, ndipo pamwamba pa thumbalo panali njerwa kuti mphepo isaulutse. Dzuwa linali phwee. Aneba anasuzumira pampanda wa maluwa, nkhope ili ngwee.

“Ndakuanulirani chinthu chanu chija. Mutangokhota apo inayamba kuwaza.”

Pakamwa panga panatuluka “yewo chomene” ndisanaganize, chifukwa ndi mawu amene ndawanena kwa zaka zambiri. Madzulo ake timababu tinayaka mofooka, ndipo mayi asanafike n'komwe kuchokera kukhitchini tinali titazima. Kagetsi ka pabatire kanali psuu.

Tsiku lachiwiri ndinaganiza zofotokoza bwinobwino. Ndinatenga kapepala ka malangizo, ndinavala magalasi, n'kuwaitana aneba. Kapepalako kanalembedwa m'zilembo zazing'ono ngati nyerere, zina m'chiyankhulo chimene sindichidziwa, zomwe ndi chipongwe kwa wogula, koma pakona panali chithunzi cha kadontho ka madzi.

“Onani apa. Akuti chinthu ichi sichiopa madzi.”

Anatenga kapepalako, anakatalikitsa, anakayandikitsa.

“Apa akuti chenjerani ndi madzi.”

“Ayi, akuti sichiopa.”

“Adada, pabotolo la mankhwala a makoswe amajambulapo chigaza cha munthu. Ndiye kuti mankhwalawo saopa chigaza?”

Ndinalowa m'nyumba, ndinatunga madzi m'kapu, n'kuwakhuthulira pa sola iwo akuona. Anakuwa ngati ndathira mwana madzi otentha. Analanda solayo, anaipukuta ndi nsonga ya chitenje, mbali zonse mpaka kumsana.

“Kamodzi munthu amapulumuka! Imwe a ku Zomba, magetsi ndi madzi zinayamba liti kugwirizana? Malemu bambo a kwathu wailesi yawo inangonyowa kamodzi, mpaka lero ili chete m'sutikesi. Mwana wavutika kukutumizirani chinthu chabwino, inu mukuchisambitsa ngati mbale. Ine ndilipo sichinyowa.”

Ndipo sichinanyowedi. Ndikapita kutchalitchi, chaanulidwa. Ndikaperekeza mayi kuchipatala, chaanulidwa. Ndikangotsamira pampando masana kuti maso apume, ndimadzidzimuka ndi “Vula! Vula!” ndipo ndisanapeze patapata wachiwiri, aneba adutsa kale pawindo sola ili m'khwapa. Choipa kwambiri n'chakuti oanula amaanula basi, kuyanikanso ndi ntchito ya mwini. Mvula ya kamphindi inkandidyera dzuwa la tsiku lonse.

Sola ndinaikweza padenga la bafa. Aneba anabwera ndi kampando n'kuitsitsa, n'kundiuza kuti ndisamaike zinthu patali chifukwa msana wawo si wa mtsikana. Tsiku limene anapita kukapikula nsomba ndinati lero ndapuma. Ndinabwera kuchokera kometa n'kupeza sola ili pakhonde, yofunditsidwa bulangete la mwana. Anaanula ndi mayi a nyumba ya kuseri, amene sitilankhulana kawirikawiri. Anati aneba pochoka anadutsa khomo ndi khomo kusiya mawu akuti chinthu cha adada chikanyowa chiphulika. Mzere wonse tsopano unali kulondera sola yanga kuti isaone thambo.

Ndinakwiya, ndipo ndikaganiza ndimakwiyabe. Munthu wagula chinthu chake, kapena kuti mwana wake wamugulira, wachiika pabwalo pake, sanapemphe aliyense, ndipo anthu akumuchitira chifundo mpaka chinthucho osagwira ntchito! Masiku ankatha, kagetsi kaja kali psuu. Madzulo alionse mayi ankafunsa kuti, “Lero yakhuta?” ndipo ine ndinkati, “Pang'ono,” iwo n'kungoti, “Chabwino,” mawu awo otsika amene ankandipweteka kuposa kundikalipira.

Ndinatenga katoni ina, ndinadula bwino ndi lumo, n'kulemba ndi zilembo zazikulu kuti CHONDE MUSAANULE. Ndinalembanso m'munsi m'Chitumbuka changa chothyokathyoka. Mayi anamva kulira kwa cholembera.

“Mukulemba chiyani?”

Ndinawawerengera.

“Mupachike chimenecho,” anatero, “mawa ufa wathu unyowa. Ndipo si ufa wokha. Ndani amandiuza kuti kunja kwada, ine ndisakuona? Ndani amandigwira mkono podumpha ngalande popita kumapemphero a amayi? Inu?”

“Ndiye ndiikweze padenga la nyumba.”

“Malata onyowawo, ndi mawondo anuwo? Ndikufuna magetsi, sindikufuna maliro. Komanso mukaikweza lero, mwawauza kuti manja awo ndi osafunika pakhomo pano.”

“Nanga nditani? Ndalankhula, ndaonetsa pepala, ndathira madzi.”

Zala zawo zinayendayenda pa mpendero wa nsalu. Kenako anafunsa, “Tsiku loyamba lija munawauza kuti mukutani nayo?”

“Ndinati ndayanika.”

“Ndiye mukudabwa chiyani? Mwayanika, iwo aanula. Munaonapo choyanikidwa chikusiyidwa pamvula mumzere uno? Mawa musayanike. Mukabzale.”

“Kubzala sola?”

“Mpiru wathu uja kuseri, anauanulapo?”

Ndinatsutsa, chifukwa ndine munthu amene ndimafuna chinthu chitchulidwe ndi dzina lake. Sola si mbewu. Ilibe mizu, siphuka. Kunena kuti ndabzala ndi kunama, ndipo aneba si mwana woti anganyengedwe ndi mawu. Mayi anati sakunena zowanyenga. Anati aneba mwina anazindikira kale kuti chinthucho sichifa ndi mvula, pajatu anaona ndikuchithira madzi, koma angachisiye bwanji pampando, poyera, mzere wonse ukuona? Anthu adzati aneba ndi a ku Zomba ayambana. Chikakhala m'dimba palibe anganene kanthu.

M'mawa ndinapita kwa ogulitsa matabwa n'kusankha mtengo wa paini wofika m'chiuno, ndi kathabwa kena kopingasa. Kuseri kwa nyumba tili ndi kadimba ka mpiru ndi nyemba, ndipo mwamwayi kali pansi pa windo la kuchipinda, moti waya ankafika. Ndinatenga khasu n'kuyamba kukumba pakati pa mizere. Ndinakumba mwaphokoso, ndikutsokomola, kuti ndimveke. Sipanatenge nthawi.

“Mwagona uli, adada? Mukukumba chiyani m'mawa muno, mwapha mphaka?”

“Ndikubzala, aneba.”

“Mbatata?”

“Sola.”

Anabwera mpaka m'mphepete mwa dimba, manja m'chiuno. Ndinaimika mtengo m'dzenje, ndinakwirira, ndinapondaponda dothi ndi chidendene. Ndinakhomera kathabwa mopendekeka kuti madzi azitsetsereka, n'kumangirira sola ndi waya wa m'tayala, ngodya zonse. Pomaliza, pofuna kuti ntchito ioneke yathunthu, ndinaunjikira dothi m'tsinde monga timachitira ndi chimanga. Nkhope yanga inali yosaseka, ndipo ndinkamva manyazi mpaka m'makutu.

Aneba anayang'ana sola, anayang'ana ine, kenako anayang'ana pawindo pamene mayi anaima atagwira katani.

“Amama, nzeru zimenezi ndi zanu kapena za adada?”

“Ine ndi wosaona, aneba, ndingadziwe bwanji za kudimba?”

Anaseka mpaka kugwira mpanda. “Ndiye ibala liti?”

“Pa Khirisimasi,” ndinatero.

“Feteleza muthira wa mtundu wanji? Wobereketsa kapena wokulitsa?”

Anachoka akusekabe, ndipo ndinawamva akuuza a nyumba ya kuseri kuti adada a ku Zomba ayamba ulimi wa magalasi.

Tsiku lomwelo masana mtambo unabwera kuchokera chakum'mawa. Sindinachoke pakhomo, ndinakhala pawindo la kuchipinda. “Vula! Vula!” Mapazi anamveka mbali zonse. Aneba anadutsa ndi mphasa ya ufa wathu, anaisiya pakhonde, anabwerera kukatenga malaya anga pachingwe. Atanyamula malayawo anaima m'mphepete mwa dimba. Madontho anali atayamba kugunda pagalasi la sola. Ndinaona phazi lawo limodzi likulowa pakati pa mpiru. Linakhala pamenepo kanthawi. Kenako linabwerera, ndipo anathamangira kwawo kukaanula nsomba zawo zimene zinali zitayamba kale kunyowa.

Mvula itatha anabweranso, osati kudzaanula, koma ndi nthambi zaminga. Anazizika mozungulira mtengo uja.

“Nkhuku za kuseriko zilibe mwambo,” anatero. “Mbewu yanthete imafuna mpanda.”

Kuyambira pamenepo sola inakhala panja usana wonse, koma thambo silinatichitire chifundo msanga. Kunabwera masiku a nkhungu, amene dzuwa limangooneka ngati mbale ya malata kuseri kwa utsi. Ndinaleka kuyesa timababu madzulo kuti moto wochepa umene ukulowa usatayike. M'mawa uliwonse ndinkapukuta galasi ndi kansalu, chifukwa mvula ikamenya pansi imathovutsira dothi pamwamba, ndipo ndinathyola masamba a nyemba amene anayamba kuyanga pamtengo n'kuchita mthunzi. Aneba tsopano anasanduka mlangizi wa zaulimi. Ankadutsa n'kufunsa kuti, “Yamera?” Dzuwa likangotuluka pang'ono ankakuwa kuchokera kwawo, “Adada, mbewu yanu ikudya!” Koma kagetsi ka pabatire kanali kofiirabe, ndipo mayi anasiya kufunsa. Kusafunsako sindinakukonde.

Kutatsala tsiku limodzi kuti Khirisimasi ifike kunacha koyera, ndipo kunakhala koyera mpaka dzuwa kupendeka. Pa Khirisimasi penipeni kunayamba ndi nkhungu. Tinapita kutchalitchi, mayi pakati, ine mbali ino, aneba mbali inayo ngakhale kuti iwo amapemphera kwina ndipo anangotiperekeza mpaka pachipata. Potuluka tinapeza dzuwa likuswa mtengo. Nditafika kunyumba sindinavule n'komwe jekete, ndinapita molunjika kuchipinda. Kagetsi kanali kobiriwira. Ndinakayang'ana kawiri, ndi magalasi ndiponso popanda magalasi.

Chingwe sindinachipachike kudenga monga tinkachitira kale. Ndinachizunguliza pakhonde, m'munsi, pa msinkhu wa munthu wokhala pampando, n'kuchidutsitsa panthambi ya paini imene mayi anaumirira kuti ikhalepo. Magetsi a m'tauni anali atazima kuyambira masana, ndipo kwa nthawi yoyamba sindinadandaule. Aneba anabwera ndi mbale ya nsomba yophikira tomato, ife tinali ndi mpunga ndi nkhuku. Dzuwa litangolowa, kachisisira kakuyamba, ndinawakhazika mayi pampando wawo n'kukanikiza swichi.

Khonde lonse linayaka. Ana a nyumba zina anayamba kukuwa kumsewu. Ine sindinayang'ane magetsi, ndinayang'ana mayi. Anakhala osagwedezeka, manja pamawondo.

“Amama, mukuona?” anafunsa aneba.

“Khalani chete, mukundisokoneza.”

Anakweza chala n'kuyamba kuloza. “Ili ndi lofiira. Ili lachikasu. Ili lobiriwira, lobiriwira kwambiri, ngati mpiru wothirira. Bambo, munkati ndi tating'ono ngati njere za chimanga? Bodza. Ine ndikuona aakulu ngati malalanje, ndipo ali ndi ubweya m'mbali.”

“Ndiye mukuona zambiri kuposa ife,” anatero aneba. “Ife tatsala ndi njere.”

Chala chinapitirira, kenako chinaima. “Apa pali mpata. Lafa limodzi?”

Silinafe. Linali labuluu, likuyaka bwinobwino. Aneba anandiponda phazi kuti ndivomere kuti lafa, koma mayi anali atadutsa kale pa mpata wachiwiri ndi wachitatu, ndipo anazindikira okha kuti mipatayo ikubwera mofanana.

“Ndi abuluu, eti?”

“Ndi abuluu,” ndinatero.

“Amenewo ndiye anapita kale.” Ananena mopanda kudandaula, ngati munthu amene akuuza mnzake kuti basi yanyamuka.

Ndinadzuka. Ndinamasula chingwe mbali imodzi ya khonde, n'kuyamba kuchipinda kuti timababu tabuluu tikumane pamodzi, tina tonse tilendewere pansi. Zala zanga ndi zouma, ndipo timababuto tinkandipulumuka. Aneba anagwira mbali ina, akundinena kuti ndikupinda ngati munthu amene sanamangepo mtolo wa nkhuni. Titasonkhanitsa todzaza dzanja ndinatibweretsa pafupi ndi nkhope ya mayi. Anabweza mutu.

“Mundiotcha!”

“Sitiotcha. Gwirani.”

Anatambasula dzanja mwamantha, anakhudza ndi chala chimodzi, kenako anafumbata tonse. Anadabwa kuti moto ungakhale wozizira chotero. Anatseka diso lamanzere, limene linafooka kwambiri, n'kuyandikitsa dzanjalo kudiso lamanja mpaka kuwala kunawalowa m'makwinya a nkhope. Tinadikira. Kumsewu wina anali kuimba nyimbo ya Khirisimasi molakwitsa mawu.

“Ndaliona,” anatero. “Lili kutali, koma ndaliona. Musachotse.”

Sitinachotse. Ine ndinaima chogwira chingwe mbali ino, aneba mbali inayo, ndipo mpunga unazizira m'mbale popanda woudandaula.